Diresi Lofiira la Suyun

Mu kanjira kathu ku Zhabei, mumzinda wa Shanghai, munalibe munthu wodziwa singano ngati Niu Suyun, mwana wa bambo wogulitsa madzi otentha. Ine ndinkakhala chipinda choyandikana naye, ndipo ndinkamuchitira nsanje, sindibisa.

Mu 1934 akubanja la Bao, eni sitolo ya nsalu, anamufunsira mwana wawo Jisheng. Tonse tinadabwa. Anthu oterowo satola mkazi pa ng'anjo ya madzi, koma Mayi Bao anali ataona ntchito ya manja ake. Pepala lofiira lolembedwa tsiku limene Suyun anabadwa linapita kwawo, analilandira. Iye anakhala miyezi isanu akusoka diresi laukwati, lofiira psuu, mbalame ziwiri pachifuwa.

Kenako kunabwera Mayi Kuang, amene ankasamala zovala ku kampani ya mafilimu.

"Tandibwereka diresili masiku awiri okha, mwanawe. Shanghai yense adzaona manja akowa. Kapena ukufuna azikuyamikira ndi makasitomala a bambo ako okha?"

Suyun anawabwereka. Sanafunse n'komwe kuti filimuyo ikukamba za chiyani. Atapatsidwa matikiti atatu, anaitana apongozi akewo ndi ine, akunyadira.

Mayi Bao anali a ku Ningbo, Chimandarini cha mufilimumo sankachimva. Koma maso anali nawo. Anaona mtsikana wosauka akukwatiwa kwa anthu olemera, akumunamizira chibwenzi, akumuloza zala. Pomaliza mtsikanayo anatsegula bokosi, kuvala diresi lake laukwati, n'kukadziponya mumtsinje. Pachinsalu cha kanema pajapo chofiira chinkaoneka chakuda bii, koma mbalame ziwiri zija zinali poyera.

"Si lako ilo?" anafunsa Mayi Bao.

"Ndi sewero chabe, mayi. Munthuyo ali moyo, diresinso lili kunyumba, silinanyowe n'komwe."

"Wina wafera momwemo anthu onsewa akuona. Ndiye ulowe nalo m'nyumba mwanga?"

Patatha masiku atatu pepala lofiira lija linabwezedwa, kusonyeza kuti ukwati walephereka. Suyun anati asoka diresi lina, koma anamuyankha kuti vuto si nsalu, ndi mtsikana wopereka chovala chake chaukwati kwa anthu amasewero. Jisheng sanamuikire kumbuyo. Ankangodutsa pakhomo pathu atawerama, mpaka anakwatira mwana wa mwini sitolo ya mpunga.

Nkhani inafala. Panalibenso mayi wofuna kuti mwana wake avale diresi lochokera m'manja amenewo, ndipo panalibe wina amene anamufunsira. Ntchito imene inamutsalira ndi yosoka zovala zoikira maliro, zija zopanda mabatani, zosamanga mfundo pa ulusi. Anaigwira mpaka maso anayamba kuchita chifunga. Mu kanema sanapondemonso.

Patapita zaka makumi awiri, Mayi Bao, atakalamba, anabwera okha kudzayezetsa zovala zawo zomaliza. Ine ndinapsa mtima.

"Uwakane, Suyun! Akasokedwe ndi mpongozi wawo wampungayo."

Suyun anangotenga chingwe n'kuyamba kuwayeza. Gogoyo anasisita msoko wina umene unali patebulo.

"Manja ako ndi abwino, mwana wa Niu. Ndinkadziwa kuyambira kale."

"Kwezani mkono, mayi," anatero Suyun.

Gogoyo atachoka, Suyun anatsegula bokosi lake n'kutulutsa diresi lofiira lija. Ndinaganiza kuti alira. Iye anatenga kalumo n'kuyamba kudula mabatani, limodzilimodzi.

"Ukuliwonongeranji?" ndinamufunsa.

"Ndikulikonza. Langa likhale lokonzeka."