Waya wa Chotsekera Boti Lanu

Atate a Tisa, lero pamsika wa ku Rufunsa ndaona pampu ya njinga, mtima n'kubwerera ku mtsinje wa Lunsemfwa, zaka zija za m'ma 90. Munali mutakokera kumtunda boti lija munakhoma nokha ndi matabwa a mukwa. Munazula chotsekera chapansi kuti madzi atuluke, otsalawo n'kumapopa ndi pampu ya njinga imene munaikonza kuti izikoka madzi. Ndinakufunsani ngati chotsekeracho sichingazuke muli pakati pa mtsinje. Munaseka. "Amake Tisa, onani waya womangira chotsekerayu. Ndimamupota katatu. Chingazuke bwanji chokha?"

Patapita masabata awiri, ba Lungu, anzanu opha nawo nsomba, anabwerako okha kumtsinje kumene munapita limodzi. Anati chotsekera chinazuka, madzi anachuluka kuposa mphamvu ya pampu, inu n'kumira. Koma boti litapezeka, wayayo ndinamugwira ndi manja anga. Sanadyeke ndi dzimbiri, anachita kudulidwa. Ndinaopa kufunsa, ana anali aang'ono. Ba Lungu akalamba tsopano. Lamlungu lililonse amandipatsa moni kutchalitchi, koma sanandiyang'anepo m'maso. Gonani mumtendere, mwamuna wanga. Ine mtenderewo sindinaupeze.