Mipando Iwiri ndi Njinga ya Ababa

Ndinanyamuka ku Zomba Loweruka m'mawa, m'chikwama muli shuga ndi sopo, m'mutu muli maphunziro a chaka ndi theka. Ndikuchita digiri yachiwiri ya uphungu, ntchito yokhala pansi ndi anthu osweka mtima. Achemwali anga a Esinati anali ataimba foni: "Iwe amene ukuphunzira zolankhulitsa anthuwe, bwera udzawalankhulitse ababa. Mpunga wacha kudambo, iwo angokhala pakhonde." Chimwalirireni amayi mu Febuluwale, ababa anasiya kumunda, anasiya kutchalitchi, chakudya ankangolawa. A Esinati ankaopa kuti tiika maliro awiri chaka chimodzi.

Aphunzitsi athu amati phungu asamagwire ntchito pa m'bale wake. Lamuloli ndimalidziwa bwino, ndinakhoza nalo mayeso. Ndinakwera minibasi.

Kudepoti kondakitala anati kwatsala munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo analowa kasanu. Mtengo unali thu sauzande mpaka pa Domasi, batire la galimoto la munthu wina lili pamapazi panga. Tisanafike pa Chinamwali, mayi wina wonenepa bwino amene ndinapanikizana naye anandifunsa chimene ndimachita. Ndinamuuza.

"Oo, anankungwi a pepala?"

"Ayi mayi, ife sitilangiza. Timamvetsera."

"Basi?"

"Basi."

"Zaka ziwiri?"

Anandiyang'ana mwachisoni n'kundibenthulira chinangwa chophika. Kenako anayamba kundifotokozera za mkamwini wake amene anagulitsa mbuzi n'kukamwera. Ndinaona kuti mwayi woyeserera ndi womwewu. Ndinati, "Ndikumva kuti zimenezi zakukhumudwitsani." Iye anati, "Nanga ndimanena chiyani?" Anatsika pa Naisi osanditsanzika.

Pa Domasi ndinatsika dzuwa lili paliwombo, n'kulowa msewu wafumbi wapansi. Kudambo kunali chikasu chokhachokha, anthu akumweta, ena akukuwa mbalame ndi zitini. Munda wathu ndinauzindikira ndili patali, chifukwa ndi wokhawo umene mpheta zinkadya mosathamanga.

Ababa ndinawapeza pakhonde, ataonda mpaka kolala ya shati ikuwazungulira. Titalonjerana, ndinachita monga anatiphunzitsira. Ndinatulutsa mipando iwiri, n'kuiika pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana, yopendekera pang'ono, pakati popanda tebulo. Chimene buku la kusukulu silinanene n'chakuti kwathu mwana wamkazi amakhala pamphasa chapambali, ndipo mipando ikayang'anizana pabwalo ndiye kuti pali mlandu kapena wina wabwera kudzafunsira mbeta. Ababa analowa m'nyumba, n'kutulukamo atavala jekete.

"Anthuwo ali kuti?"

"Ndi ine ndekha, ababa. Khalani."

Anakhala. Ndinawayang'ana m'maso monga phungu ayenera kuchitira. Iwo anayang'ana zala zawo zakumapazi.

"Mukumva bwanji mumtima, ababa?"

"Bwino, kaya iwe."

M'kalasi timaphunzira kupirira chete, osathamangira kumudzaza ndi mawu. Ndinakhala chete. Koma pa phunziro limeneli ababa anali atanditsogolera ndi miyezi inayi. Patapita nthawi anandifunsa ngati maso akundiwawa. Kenako aneba athu anasuzumira pampanda kufunsa ngati pakufunika mboni.

Tinadya mpunga wogula ndi nyemba, mpunga wathu uli kudambo. Ababa anatapa kawiri n'kusamba m'manja. Ndinabweza mipando m'nyumba ndili ndi manyazi, komanso mantha, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene a Esinati ankaopa.

Chakumadzulo ndinatsanzika. Kabaza sanaoneke, ndipo a Esinati anadandaula kuti ndikafika kumsewu minibasi zitachepa. Ababa anadzuka n'kutulutsa njinga yawo kuchipinda, matayala ali phwa. Akupopa, a Esinati ananditsina pamkono n'kunong'ona kuti njingayo sinakhudzidwe chiyambire Febuluwale.

Ndinakhala pakaliyala chammbali, nditagwira pansi pa chishalo. Chimene ndinkaona ndi msana wa jekete basi. Tinadutsa kudambo, tinadutsa pachigayo, tcheni chikulira kusowa oilo. Titafika pakamlatho ka matabwa, ababa analankhula, nkhope ili kutsogolo.

"Amako anakhala pomwe wakhalapo."

Ndinagwiritsitsa chishalo. Iwo anapitiriza.

"Anayamba kudandaula mutu Lolemba. Ine ndinati tidikire, timalize kaye kupalira. Ndinawanyamula Lachitatu kupita nawo kuchipatala. Pamlatho pano anati ndiime apume, ine ndinakana, ndinati tachedwa kale." Anapalasa pang'ono. "Mpunga umene uja ndi umene unandichedwetsa. Ndiukolole ndidye ine?"

Nkhani imeneyi panalibe amene ankaidziwa, ngakhale a Esinati. Ndinangotsamiritsa chipumi pamsana pawo, ndipo ndinamva kuti msanawo ukunjenjemera.

Tinafika pamsewu waukulu. Pasiteji panali minibasi, kondakitala akukuwa, "Zomba! Zomba! Sisi tiyeni!" Ababa anakhotera cha ku Zomba n'kuidutsa ngati sanaione. Ine sindinawakumbutse. Anapitiriza kupalasa m'mbali mwa tala, akunena za amayi: mmene anakumanirana ku kwaya, mmene ankakanganirana za mbewu, mmene amayi ankawanenera kuti amapalasa njinga ngati akuthawa msonkho. Pamenepo anaseka, kuseka kosweka, ine n'kuseka nawo misozi ikutsika.

Anaima pa Songani, thukuta lili kamukamu. Anagula nthochi, n'kudya zitatu ataimirira, ine ndikuyang'ana kumbali kuti asaone kuti ndikuona. Minibasi ina itaima, anagwira chikwama changa kanthawi asanandipatse.

"Sukulu yakoyo, Loweruka mumaphunzira?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye ubwere ndi nsapato zakale, kudambo kuli matope. Mipando ija usadzatulutsenso, anthu akudabwa." Anayang'ana tcheni cha njinga. "Pobwerera ndidzakuperekeza."

Lolemba m'kalasi aphunzitsi anatifunsa mmene mipando iyenera kukhalira kuti munthu amasuke. Ndinayankha za m'buku, ndipo ndinakhoza. Koma mumtima ndinkadziwa kuti alipo anthu ena, ababa anga mmodzi wa iwo, amene amatsegula pakamwa pokhapokha akupatse msana. Potuluka ndinakagula oilo wa njinga.