Abambo anafunafuna khadi la chipani pachilumba

Mwaswera bwanji nonse? Tafika bwino kuno ku Mitundu, mtima wakhala pansi tsopano.

Lero ndinapita ndi abambo kukaona mbalame pakachilumba ka m'damu la ku Malingunde. Chisanu cha Juni chinali choluma, koma anakana kutsala. Ananyamula magalasi awo oonera patali, aja ankabisa kudenga ali mphunzitsi ku Nathenje, nthawi ya chipani chimodzi, poopa kutchedwa kazitape.

Titatsika m'bwato anayamba kundilozera akakowa ndi atsekwe, akumwetulira. Kenaka kunatulukira bwato lina, muli bambo wa yunifolomu. Abambo anauma thupi. Magalasi aja anawaponya paudzu n'kuyamba kupisapisa m'matumba.

Ndinafunsa, "Mukufuna chiyani, ababa?"

"Khadi la chipani, mwanangu, ndaliiwala. Akakufunsa unene kuti sundidziwa."

Abale inu, munthu wamkulu chonchi kundiuza kuti ndimukane kuti ine ndipulumuke! Ndinaopa kuti BP iwagwetsa pomwepo, chipatala chili kutsidya.

Bambo uja anali mlonda chabe. Anavula chipewa, n'kutola magalasiwo. "Agogo, mwagwetsa. Mungandibwerekeko ndione nkhwazi iyo?"

Anakhala limodzi mpaka dzuwa kupendeka, abambo akumuphunzitsa mayina a mbalame. Pano akumwa tiyi, ndawayeza BP ili bwinobwino.

Akuti Loweruka tipitenso. Achimwene, inu mukuti bwanji, tiwalole? Ine ndaona chimodzi: magalasi aja sanawabwezere kudenga. Ali patebulo, poyera.