Amayi Anatuluka Kukaika Abambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Ndinali nditangowodzera chokhala, nditatsamira khoma la pabalaza pamene panali bokosi la abambo. Azimayi a kutchalitchi anali ataimba usiku wonse, nyimbo zina m'Chinyanja, zina m'Chinyungwe, ndipo tsopano ambiri anali atagona pa mphasa, mapazi a uyu kumutu kwa uyo. Panja amuna ochepa ankayankhula motsitsa mawu pafupi ndi moto. Unali mwezi wa Okutobala, ku Tete kukutentha ngakhale m'bandakucha, koma moto wa pamaliro sauzimitsa.

Abambo anali mmisiri wa matabwa komanso mkulu wa mpingo. Kwathu ndi ku Angónia. Tinathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerera tinakhazikika ku Degue, kunja kwa mzinda wa Tete, chifukwa ntchito inali mumzinda: sukulu ndi zipatala zinkafuna zitseko, mawindo ndi madenga atsopano. Chaka chachitatu chibwerereni, chibayo chinawagwira abambo. Anagona m'chipatala masiku asanu.

Nditadzuka ndinakasuzumira m'chipinda cha amayi. Anali maso, atagona choyang'ana kukhoma. Ndinawafunsa ngati ndiwabweretsere madzi osamba. Anangoyang'anabe kukhomako.

Amayi anali atadwala pafupifupi zaka ziwiri. Pa nkhondo anali munthu wolimba. Ndi iwo anatitsogolera m'tchire mpaka kuoloka malire, mng'ono wanga ali kumbuyo, ndipo ku msasa wa othawa nkhondo ndi iwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi chathu chaudzu. Matenda anabwera pa mtendere. Titapeza nyumba yamalata, anayamba kusiya zinthu chimodzichimodzi: kuimba, kupita kumsika, kudya mokwanira, kenako kutuluka panja. Sankabwebweta, sankalongolola. Ankangoti thupi lalemera ndipo sakuona chodzukira.

Anthu ankanena zambiri. Ena ankati ndi mizimu ya anthu amene tinawalumpha m'njira pothawa. Ena a kutchalitchi ankati ndi chiwanda, kapena pali tchimo losaulula. Abambo ankangomvetsera. M'mawa uliwonse ankapemphera ndi amayi, ndipo mwezi uliwonse ankawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Wina akawafunsa chifukwa chophatikiza ziwirizi, ankati ngakhale wa malungo amamupempherera akumwa mankhwala. Tsopano munthu amene ankayankha mafunso amenewo anali m'bokosi, ndipo sindinkadziwa ngati amayi atuluke kukamuika.

Kutayamba kuyera, azimayi anatsika ku Zambezi ndi zidebe. Ena anaika mafuwa kuseri kwa nyumba, moto unayaka m'malo anayi. Aneba anabweretsa nkhuni, mbuzi imodzi ndi nyemba. Kumanda kunali kutapita kale anyamata asanu ndi mmodzi amene abambo ankawaphunzitsa ntchito ya matabwa. Onse anali asilikali otula mfuti, ena a mbali iyi, ena a mbali inayo. Ndi iwo anakhoma bokosi, ndipo anakana kuti wina aliyense akumbe. Nthaka ya kuno ndi youma, ya miyala. Anatenga mapiki.

Dzuwa likukwera, anthu anayamba kufika. A ku dera la Josina Machel anabwera wapansi. A ku Chingodzi, kutsidya kwa Zambezi, anaoloka mlatho pa galimoto yonyamula njerwa, atayera ndi fumbi. Panali madalaivala awiri a ku Malawi amene abambo anawakonzerapo matabwa a kumbuyo kwa malole, azimayi anzanga ogulitsa kalamidade (zovala za kaunjika) kumsika, ndi bambo wina wa mwendo umodzi amene sitinkamudziwa. Bamboyu anakhala kumapeto kwa mthunzi, ndodo zake pamwendo.

Azakhali, alongo awo a abambo, anafika kuchokera ku Angónia dzuwa litayamba kuwawa. Sanabwere okha. Anali ndi mlaliki wa mpingo wina watsopano, mwamuna wamtali wovala jekete loyera, ndi azimayi atatu a mpingo womwewo. Azakhali analira pa bokosi nthawi yaitali. Atapukuta nkhope anandifunsa kumene kunali alamu awo. Ndinati ali m'chipinda, sakupeza bwino.

"Chimene chili mwa mayi akowo chadya achimwene," anatero. "Tikachisiya lero, chiyamba inu ana."

Ndisanayankhe anali atalowa kale, mlaliki uja patsogolo. Anatseka chitseko. Ndinamva akuyamba kupemphera onse pamodzi, mawu akukwererakwerera, mpaka oimba pabalaza anasiya nyimbo. Nditakankha chitseko ndinapeza atawakhazika amayi pakama. Mlaliki anali atawagwira mutu ndi manja awiri, akulamula mzimu kuti utchule dzina lake ndi kunena amene unamupha. Amayi anali atatseka maso, manja atapanikiza pachifuwa.

Ndinathamangira panja kukaitana abusa athu. Ndi munthu wokalamba, woonda, amene tinali naye ku msasa kuja. Anabwera mosafulumira. Anaima pakhomo pa chipinda mpaka mlaliki atapuma kuti akoke mpweya, ndipo anathokoza alendo chifukwa cha mapemphero, n'kuwapempha kuti akambirane panja. Anatuluka nawo kuseri, pafupi ndi pamene abambo ankapalira matabwa. Ine ndinawatsatira.

Mlaliki anayamba ndiye. Anati iyi ndi nkhondo ya mzimu, ndipo mipingo yakale imagonja chifukwa imaopa kulimbana ndi mdani maso ndi maso. Abusa anamulola kumaliza.

"Sindikukana kuti mdani alipo," anatero. "Ntchito zake ndaziona zaka zonse zapitazi. Koma mayi uyu ndi wa Ambuye, ndipo akudwala. Mdani sali m'kati mwake. Ali pambali, kumunong'oneza kuti ndi mtolo, kuti Mulungu anamutaya, kuti anthu angapume iye atachoka. Mwamuna wake wakhala zaka ziwiri akutsutsa mawu amenewo tsiku ndi tsiku. Inu mwalowa muja n'kuwanena mokweza."

Mlaliki sanavomereze. Anati nthawi idzaonetsa amene akunena zoona, ndipo anakakhala ndi anthu ake pansi pa mtengo wa kutsidya kwa msewu. Azakhali anapita kumoto kukathandiza ophika.

Nditabwerera m'chipinda, amayi anali atagonanso. Ndinakhala m'mphepete mwa kama. Kenako anayankhula, mawu oyamba chimwalirireni abambo. Anati mwina azakhali akunena zoona, chifukwa anawatopetsa abambo mpaka thupi linalephera. Ndinawakumbutsa kuti adokotala anati ndi chibayo, ndipo m'chipinda chomwecho cha chipatala munamwalira amuna enanso ndi matenda omwewo.

"Ndikudziwa," anatero. "Kumutu ndikudziwa. Koma sizikufika kuno." Anagwira pachifuwa.

Nthawi yomweyo analowa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mnyungwe wogulitsa nsomba zokazinga, atanyamula beseni la madzi. Iye ndi amayi sankamvana bwinobwino chilankhulo. Sanafunse kanthu. Anawadzutsa, n'kuwasambitsa nkhope, khosi, mikono ndi mapazi, monga momwe amasambitsira wodwala aliyense. Anawaveka bulauzi yoyera ya kutchalitchi ndi chitenje chakuda, n'kuwamanga duku. Atamaliza anatenga beseni lake n'kutuluka. Amayi anatsala chokhala, manja pamawondo. Sananene kuti apita kumanda, ndipo ine sindinafunse.

Mwambo unayamba dzuwa lili pamutu. Bokosi analitulutsa panja n'kuliika pa mabenchi awiri. Anthu anali atadzaza bwalo mpaka mumsewu, ambiri atadziphimba mitu ndi zitenje ndi makatoni. Kumwamba kunali mitambo yoyera imene sibweretsa mvula. Anayankhula mkulu wa dera lathu, mkulu mnzawo wa mpingo, ndi m'modzi wa anyamata okumba aja, amene ananena mawu ochepa m'Chipwitikizi n'kulephera kupitiriza. Kenako abusa anaitana achibale kuti aone nkhope.

Tinadutsa ine ndi mng'ono wanga, azakhali, ndi ena a ku Angónia. Akuti atseke bokosi, chitseko cha nyumba chinatseguka. Amayi anatuluka, mayi wa nsomba uja atawagwira mkono. Ambiri anali asanawaone kwa pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ena a m'dera lathu lomwelo anali asanawaonepo n'komwe. Anali ataonda, khungu litayezuka chifukwa chosaona dzuwa. Oimba anatsitsa mawu. Amayi anayenda mpaka pabokosi, anayang'ana nkhope ya abambo nthawi yaitali, n'kuwongola kolala ya shati yawo imene inali itapindika. Sanalire.

Bokosi analikweza pa galimoto ya njerwa ija. Dalaivala anati amayi akhale kutsogolo, koma iwo anapukusa mutu. Anayenda kumbuyo kwa galimoto pamodzi nafe. Msewu unali wa maenje, ndipo mbali ina tinadutsa pamene amuna ankamanganso khoma la sukulu. Anasiya ntchito, anavula zipewa mpaka titadutsa.

Tili pakati pa ulendo, miyendo ya amayi inakana. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pa mthunzi wochepa wa mtengo wa masawu. Ena anati galimoto ipitirire, iwo abwezedwe kunyumba. Abusa anamenya chitseko cha galimoto kuti iime, ndipo gulu lonse linaima padzuwa. Palibe anawafulumizitsa. Wina anabweretsa madzi m'botolo. Tinadikira nthawi yokwanira kuimba nyimbo ziwiri zathunthu. Pamene amayi anayesa kudzuka, azakhali ndi amene anali pafupi. Anawagwira mkono wakumanzere osawayang'ana kumaso, ine wakumanja, ndipo tinafika kumanda chomwecho.

Ulaliki wa kumanda unali waufupi chifukwa cha dzuwa. Abusa anati anthu amayesa kuti nkhondo ya Mkhristu imamenyedwa ndi mawu okweza, pomwe nthawi zambiri imamenyedwa ndi munthu amene wadzuka pakama tsiku limene sakufuna kudzuka, ndi wina amene wamugwira dzanja. Sanatchule dzina la munthu. Anyamata aja anatsitsa bokosi ndi zingwe. Amayi anatapa dothi n'kuponya. Kumbuyo kwanga ndinamva azimayi awiri akunong'onezana kuti wamasiye wanji wa maso ouma. Mphepo yotentha inadzuka, fumbi linatilowa m'maso ndi m'kamwa, ndipo okwirira anafulumira. Anaunjika miyala pamwamba n'kuzika mtanda wa thabwa umene anaupala okha.

Pobwerera amayi anavomera kukwera galimoto. Kunyumba anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, n'kuyamba kubalalika. A ku Chingodzi ananyamuka msanga kuti aoloke kusanade. Mlaliki ndi anthu ake anapita osatsanzika. Azakhali anali ndi galimoto yowadikira mumzinda. Ponyamuka anandiitanira pambali n'kunena kuti nkhaniyi sinathe, adzabweranso ndi akuluakulu a kumudzi kuti aone chochita ndi amayi. Ndinati tidzawalandira.

Dzuwa likulowa, pabwalo panatsala phulusa, mabenchi a kutchalitchi ndi achibale ochepa amene anayala mphasa kuseri. Mng'ono wanga ankatsuka mbale zobwereka n'kuzisanja malinga ndi eni ake. M'nyumba munali zii. Ndikusesa pabalaza, ndinamva amayi akundiitana ndi dzina langa.

Anali atakhala pakama, duku atavula. Anatambasula dzanja. M'chikhato munali kiyi yaing'ono. Anati ndi ya kabokosi ka abambo ka pansi pa kama, mmene ankatsekeramo mankhwala a amayiwo. Abambo ankawapatsa m'bulu umodziumodzi, ndipo kiyi ankayenda nayo m'thumba. Anayamba kutero chaka chatha, tsiku lina atabwera msanga kuntchito n'kupeza amayi atatsala pang'ono kudzichotsa moyo ndi mankhwalawo. Anagwirizana kuti ife ana tisadziwe.

Kiyiyo amayi anaipeza m'thalauza la abambo, m'mtolo wa zovala umene ineyo ndinabwera nawo kuchipatala n'kuuika m'chipinda mwawo. Anali nayo masiku awiri.

"Ndinaifumbata usiku wonse anthu akuimba," anatero. "Tenga. Usandipatse, ngakhale ndikupemphe bwanji. Ndipo ndikamati ndili bwino, usafulumire kukhulupirira."

Ndinaimanga pa nsonga ya chitenje changa. Ndinatsegula kabokosi, ndinawapatsa m'bulu umodzi ndi madzi, n'kutsekanso. Anati ndipemphere ine, chifukwa iwo mawu alibe. Ndinapemphera mawu ochepa amene ndinali nawo. Kenako ndinakatenga mphasa yanga n'kuiyala pafupi ndi kama wawo.

Panja mbale zinali zitasiya kulira. Amayi anagona, ndipo ndinkayesa kuti atenga tulo pamene anayankhulanso.

"Mawa udzandidzutse," anatero, "ngakhale ndikane."