Mizere Imene Amayi Ankadumphitsa

Ndinaganiza zopita ku Botswana chaka chimene tinasintha boma, kwacha itagwa mpaka malipiro a mphunzitsi wa kusekondale ankathera pakati pa mwezi. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo mwana wanga Takondwa anali ndi zaka zisanu. Ndinamusiya kwa amayi anga ku Nsambe, ndikudziuza kuti aliyense woganiza bwino akanachita chimodzimodzi.

Amayi sanapondeko m'kalasi, koma pa kaleredwe ka ana anali ndi lamulo limodzi losagwedezeka: mwana sanamizidwa. Ndili wamng'ono, akandiperekeza kuchipatala sankanena kuti jekeseni sapweteka. Ankati, "Apweteka ndithu, koma dzanja langa nali, ligwire." Sanandimenyepo, ndipo sanandilonjezepo chinthu chimene chinali chisanafike m'manja mwawo.

Tsiku lonyamuka ndinanjuta pamaso pa Takondwa n'kumuuza kuti ndidzabwera pa Khirisimasi. Amayi anadikira mpaka titafika pamsewu awiriwiri.

"Iwe Edina, kodi tikiti ya Khirisimasiyo uli nayo?"

"Ndidzagula, amayi."

"Ndiye ukanangokhala chete. Mwana ukamutchulira tsiku, amayamba kuwerenga zala."

Ku Francistown ndinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake. Ntchito inali yabwino, ndipo ndalama ndinkatumiza mosadukiza kudzera mwa madalaivala a malole odutsa pa Mwanza. Chovuta chinali Lamulungu masana, pamene panalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Nthawi imeneyo ndi imene ndinkalemba makalata, ndipo m'makalata ambiri ndinkamaliza ndi lonjezo: ndibwera pa Pasaka, ndibwera sukulu zikatseka. Sindinkalemba ndi mtima wonama. Polembapo ndinkakhulupirira ndithu. Koma tchuthi chikafika pankapezeka chifukwa, kaya chiphaso chogwirira ntchito, kaya mantha akuti malo anga apatsidwa wina. Zaka zinayi zinatha motero.

Amene ankawawerengera amayi makalatawo anali namwino wa pachipatala cha kwathu. Ndi iyeyo amene anandilembera kuti miyendo ya amayi yatupa, sakuthanso kupita kumunda wa tirigu. Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri.

Nditatsika matola, Takondwa anandilandira chikwama, n'kugwada. "Mwayenda bwanji, amayi?" Ananditenthetsera madzi osamba, anandiyalira mphasa. Ulemu wake unalibe poutola cholakwa, koma unali ulemu wopatsa mlendo.

M'mawa mwake anabwera pakhonde ndi kapulasitiki ka shuga momwe munali makalata anga onse. Sukulu yaulere imene boma latsopano linayambitsa inali itamuphunzitsa kuwerenga.

"Agogo sanandiuzepo kuti munkalemba zobwera," anatero. "Ndinaziona ndekha. Mwalemba kasanu n'kawiri."

Ndinayang'ana amayi. Anandifotokozera mosazungulira kuti kalata ikafika ankayamba aimva okha kuchipatala, kenako n'kumuuza namwino mizere yoti adumphe powerengera mwana.

"Ndinkati asakudziwe ngati munthu wabodza," anatero. "Sindinaganize kuti angadziwe kuwerenga msanga chonchi. Atazipeza ndinamupepesa. Kubisa ndi kunama n'pachibale."

Ine amene ndinaphunzira za kakulidwe ka ana kuyunivesite ndinali ndisanamvepo kuti gogo angapepese mdzukulu wa zaka zisanu ndi zinayi.

Takondwa anabweza makalata m'kapulasitiki muja, n'kundifunsa osandiyang'ana kumaso: "Kodi mwabwereratu?"

Yankho lokoma linali kale pamlomo panga, ndipo tikiti yobwerera inali m'chikwama. Amayi ankangosisita phazi lawo lotupa, osandithandiza.

"Ayi, mwanangu," ndinatero. "Ndibwerera Lachinayi la sabata ya mawa. Tsiku lodzabweranso sindikulidziwa."

Sanalire. Anatembenukira kwa agogo ake.

"Agogo, n'zoona?"

"N'zoona."

Pamenepo m'pamene anagwedeza mutu, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo.

Ndinkaganiza kuti chimene chinkasowa kwathu ndi ndalama, ndipo ndinazitumiza: nyumba inafoleredwa ndi malata, mwana anali ndi nsapato. Amayi anandilerera mwana waulemu, wosadziwa kunama, monga momwe anayesera kundilera ine. Koma ngakhale choonadi choyamba chimene ndinamuuza, mwanayo sanachilandire kuchokera pakamwa panga.

Lachinayi lija Takondwa anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu. Amayi sanathe kutiperekeza, anatsala pakhonde. M'matola muja ndinkangoganiza chinthu chimodzi: mawu anga kwa mwana wanga tsopano ankafuna mboni, ndipo mboniyo inali yosathanso kuyenda kufika pamsewu.