Mfundo pa Chingwe cha Che Bwanali

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Ndinaphunzira sukulu za kumudzi, ndipo kwathu ndinkadziwika kuti ndine mwana woyankha ndi mutu. Koma pali munthu mmodzi amene ndakhala ndikumuganizira zaka zonsezi, ndipo ndikuopa kuti ndikapanda kulemba aiwalika.

Ndikakumbukira Che Bwanali, ndimamva fungo la dothi lochokera pansi penipeni, lozizira, losiyana ndi fumbi la Ogasiti limene linkatituwitsa miyendo kwathu ku Rivirivi. Anali aneba athu, bambo wamfupi wa mapewa otakata, ndipo ntchito yawo inali yokumba zitsime. M'mawa ndikamasesa pabwalo ndinkawamva akunola piki pamwala kuseri kwa mpanda, utsi wa zinyalala zimene akazi awo ankatentha ukulowa m'mipata ya udzu, nkhuku zikupalasa m'phulusa, ndipo akandiona ankakweza chisoti chawo choyera ngati aona munthu wamkulu. "Abiti Jafali, mwadzuka?" Ine ndinkangothawira kukhitchini.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8, bambo anga anaganiza zokumbitsa chitsime kumunsi kwa munda kuti azilima tomato m'chilimwe. Tinali ndi mbuzi zisanu. Amayi anali atanena kale kuti ziwiri, yakuda ndi mwana wake, ndi zanga: ndikasankhidwa kupita ku sekondale zidzagulitsidwa kuti tipeze fizi, yunifolomu ndi nsapato.

Che Bwanali anabwera ndi chingwe paphewa. Anazungulira mundawo, kuyang'ana mitengo ndi zulu, kenako anakhala pansi n'kufunsa funso limene linandidabwitsa.

"Che Jafali, mbuzi zingati mungataye koma n'kugona tulo?"

Bambo anaseka. "Kutaya? Ine ndikufuna madzi, achimwene."

"Madzi aliyense amawafuna. Ndikufunsa za mbuzi."

"Ziwiri," anayankha amayi, bambo asanatsegule pakamwa.

Che Bwanali anagwedeza mutu. Anayamba kuyeza chingwe chija ndi manja otambasula, mkwamba umodzi, iwiri, mpaka isanu ndi iwiri, ndipo pamenepo anamanga mfundo yaikulu. Anati mtengo wa mbuzi ziwiri ukumba kufika apo. Mfundoyo ikadzafika pakamwa pa dzenje dothi likadali louma, iwo adzatuluka n'kupita kwawo.

Chinthuchi chinandisowetsa mtendere. Munthu amayamba bwanji ntchito akudziwa kale posiyira? Kusukulu ankatiphunzitsa kuti wolimbikira safooka. Tsiku lina ndikuwapatsira thobwa pa nthawi yopuma, ndinafunsa ndikuyang'ana pansi.

"Agogo, bwanji osamanga mfundoyo mukatopa?"

Anamwa kaye, n'kupukuta ndevu. "Abiti Jafali, munthu akalowa m'dzenje nzeru amazisiya kumtunda. Ali pansipo amangoona dothi lomwe watulutsa kale, ndiye limamupweteka. Mfundo timamanga mutu ukadali wozizira."

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse ndinkapita kukaona chingwecho. Ndowa inkatsika yopanda kanthu n'kukwera ndi dothi lofiira, kenako lachikasu, kenako timiyala toyera tolira ngati mbale zosweka, ndipo mfundo ija inkayandikira pakamwa pa dzenje pang'onopang'ono. Lachisanu sankakumba, ankapita ku mzikiti. M'masiku omwewo zotsatira za mayeso zinatuluka, dzina langa linalipo.

Mfundo inafika Lachiwiri masana. Che Bwanali anakwera, kudzikuntha fumbi, n'kuyamba kukulunga chingwe.

"Mukupita kuti?" anafunsa bambo. "Tatsala pang'ono!"

"Mwina. Koma tinagwirizana apa."

"Mbuzi ziwiri zalowa umu, ndiye tingozisiya? Ndikulipirani ina."

"Zalowadi. Mukaponyamo yachitatu, ziwiri zija zituluka?"

Bambo anakwiya, anati mkuluyu wakalamba, akuopa mwala. Che Bwanali anangoti, "Eya, ndakalambadi, ndipo sindinakwiriridwepo," n'kunyamula piki wawo. Ine chimene sindinkamvetsa n'chakuti munthu wosauka ngati ife akukana ndalama zomwe akumupatsa.

Bambo anagulitsa mbuzi yachitatu n'kubweretsa anyamata awiri a ku Ulongwe. Anyamatawo analibe mfundo pachingwe chawo. Anakumba mikwamba ina iwiri, ndipo tsiku lililonse ankakuwa ali pansi kuti, "Abwana, kukuzizira kuno, madzi ali pafupi!" Ndalama zitatha anakhala pamthunzi n'kumadikira. Madzulo a tsikulo ndinapeza bambo ataima pakhola, akuyang'ana mbuzi yakuda ija. Amayi nawo ankangopeta chimanga chopetapeta kale.

M'mawa mwake ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinalowa ndekha kumpanda kwa Che Bwanali, kugwada, n'kufunsa ngati pansi paja pali madzi. Ndinkaganiza kuti anena kuti palibe, kuti ndikauze bambo nkhani ithe.

"Sindikudziwa," anatero.

"Inu simukudziwa?"

"Zaka zonsezi ndakumba, koma pansi sindionapo, mwanawe. Ndikanakhala kuti ndimaona, chingwe ndikanachimangiranji?"

Komabe anavala nsapato zawo za matayala n'kunditsatira. Anatsikira m'dzenjemo, n'kukwera ndi dothi m'manja. Analifinya. Linagwirana pang'ono, kenako n'kumwazika. Bambo anali pomwepo, maso ali pa dzanjalo.

"Ndiye mwaona? Lanyowatu ilo!"

"Lazizira, Che Jafali. Madzi akhoza kukhala mkwamba umodzi, akhoza kukhala khumi. Zimenezo akudziwa Mulungu. Koma sukulu ya mwanayu tonse tikudziwa tsiku lotsegulira." Kenako anawonjezera, "Mbuzi zatsalazo mwini wake ndi uyu. Mwamufunsa?"

Bambo anatembenukira kwa ine. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawakanirepo kanthu, ndipo ndinkadziwa mmene ankachifunira chitsimecho: pamudzi pa amayi anga analibe chinthu chomwe akanaloza kuti ichi ndi changa. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti chilichonse chomwe mwaona, ababa.

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ndikufuna sukulu, ababa."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinaganiza kuti sanamve. Anayang'ana m'dzenje nthawi yaitali. Kenako anauza anyamata aja kuti azipita. Kwa mwezi wathunthu sanapereke moni kwa Che Bwanali, ndipo ine sanandiyang'ane kumaso masiku atatu.

Lero ndimasoka zovala pa khonde la sitolo ina ku Liwonde. Che Bwanali anamwalira ndili Fomu 3. Ndisanayambe kusoka ndinayesa kugulitsa usipa, ndipo tsiku loyamba lomwe ndinauza mchemwali wanga kuti ndikapikula kanayi osaona phindu andiletse, ngakhale ndilire. Ulendo wachinayi ndinaliradi, ndinati msika watsala pang'ono kusintha. Anandilanda dengu. Ndalama zomwe zinatsala ndi zimene ndinayambira kuphunzira makina. Anzanga akabwera ndi maganizo a geni kapena ulendo wa ku Joni, ndimawafunsa mwaulemu kuti angataye zingati n'kugonabe tulo, ndipo adzasiyira pati. Ambiri amaseka ngati mmene anasekera bambo.

Sindinganame kuti Che Bwanali anapulumutsa bambo ku dzenje louma, chifukwa mpaka lero palibe akudziwa. Ndikapita kumudzi ndimaima pamalo paja n'kumadzifunsa ngati madzi anali mkwamba umodzi wokha pansi pa mapazi a anyamata aja. Funsoli silinathe, ndipo ndaphunzira kukhala nalo.

Dzenjelo tinalikwirira ine ndi bambo, iwo ndi fosholo, ine ndi khasu, osalankhulana. Pa tsiku lachitatu, dothi litafanana ndi nthaka, anapondaponda pamwamba n'kunena akuyang'ana kumbali, "Mawa ukayese nsapato ku Balaka. Usakasankhe zothina, phazi likukula." Linali Loweruka, pa 5 Seputembala, kutatsala masiku awiri kuti ndiyambe Fomu 1.