Filimu ya vilombo yatulutsa shati ya ba Yohane

Muli bwanji nonse, ndine Esinati kuno ku Matero.

Masana ano malaiti atabwera, ndinawaikira ba Mayi filimu ya vilombo vochokera kumwamba kuti asekeko.

Vilombovo sivoopsa ayi, mitu ngati maungu, ngakhale nkhuku singathawe. Koma vimatsika n'chombo, kunyamula anthu pamsewu osasiya ngakhale nsapato. Muli mzimayi wina amene mwana wake anatengedwa, tsiku lililonse amachapa shati ya mwanayo n'kuyanika. Pamenepo anaipanga bwino, moti ba Mayi anasiya kusankha nyemba. Mukudziwa kuti chipitire alongo anga ba Yohane ku Joni osamvekanso, shati yawo ili m'sutikesi mwa ba Mayi.

Kumapeto, otengedwa onse anabwerera ali onenepa, akumwetulira. Ba Mayi anati, "Zimitsa, bodza ili. Wopita sabwera choncho."

Kenako anatulutsa shati ija. Akuti tiitane abusa, tikhale maliro a ba Yohane, tiike shatiyo m'manda. Zaka zonsezi amene amakana maliro ndi iwowo.

Ba Malume, nonse, tivomere? Ine ndaopa kuwayankha. Shati ili pampando, aisita kale.